Nkhokwe Yosadziwa Mwini Wake

Mukadzadutsa phiri la Sindinalipo n'kuwoloka mtsinje wa Funsaniena, mudzafika m'dziko la Bwerammawa. Musavutike kulifunafuna pa mapu, mapu ake anasochera mu ofesi. Ine ndilibe nalo chibale dzikolo. Zomwe ndikuuzenizi ndinazimva kwa anthu a pamsika, amene m'dziko lonselo ndi okhawo sanama popanda phindu.

Wolamulira dzikoli anali Mfumu Sanenakawiri Wachitatu. Dzinali silinali lamasewera ayi. Mwambo wa makolo ake unali woti mfumu ikanena chinthu kamodzi, chatha. Kubwereza mawu n'kwa anthu wamba ndi mawayilesi. Panalinso mwambo wina woti mfumu siifunsidwa kuti, "Ndinu ndani?" Ikafika pakhomo, chitseko chizizindikira chokha. Miyambo iwiriyi muigwiritse, chifukwa ndi imene inatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wa eni ake.

Mwanayo anali Elube, mwana wa Nasimango, mayi wogulitsa mandasi pa msika wa Tamvakale. Elube anapeza mwamuna wa ku Tatopa, munthu waulemu wokonza njinga, ndipo chimene chinatsala chinali chinkhoswe basi. Koma chinkhoswe sichiyenda popanda mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wake, a Lufeyo, mlongo yekhayo wa Nasimango, anali ku ndende ya Khalanikaye. Mlandu wawo? Anayasamula. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu, mfumuyo ili mkati mwa ola lachinayi la mawu ake, a Lufeyo anatsekula kukamwa mpaka asilikali ogwira mbendera anawaona kummero. Woweruza anagamula kuti kuyasamula kamodzi ndi kutopa, kawiri ndi mwano, koma katatu ndi ndale. A Lufeyo anayasamula katatu.

A kuchimuna anali atabwera kale kawiri, tambala ali m'khwapa, n'kubwerera naye. Ulendo wachiwiriwo mkulu wawo ananena mosapsatira.

"Mayi, tambalayu wayamba kuidziwa njira kuposa ife. Tidzabweranso Loweruka lomaliza la mwezi uno. Tikadzapezanso kulibe woti tikambe naye, musadzatide, mwana wathu akafuna kwina."

Elube analira mpaka maso kutupa. Nasimango sanalire pamaso pa mwana, koma mtima unkamuwawa zedi, moti sabata imeneyo mandasi ake ankapserera.

Mwayi unabwera ndi makina. Chaka chimenecho mfumu inali itapita kukacheza ku dziko loyandikana nalo, n'kukaona kuti kumeneko anthu a m'maofesi sasenzanso mafayilo pamutu. Zonse amasunga mu kompyuta imodzi yaikulu, ndipo wa ofesi iyi akafuna kalata ya ofesi iyo, amangodina pa kompyuta yake, kalata balamanthu! Mfumu inabwerako nsanje ili m'khosi. Inalamula kuti Bwerammawa akhalenso ndi yake, yoposa ya anzawo, ndipo inaitcha Nkhokwe ya Mfumu.

Amene anaimanga Nkhokweyo n'kuilumikiza ku maofesi onse anali a Gelesomu, bambo wa imvi, wofatsa, amene anaphunzira za makompyuta kunja n'kubwerera kwawo chifukwa chokonda dziko, matenda amene pofika nthawiyi anali atachira. Amene ankalandira ulemu wa ntchitoyo anali a Tsekereza, Nduna ya Zosunga ndi Zobisa, amene kompyuta ankaiopa kuikhudza poganiza kuti imaluma.

Tsiku lotsekulira, bwalo la ku likulu la Dikiranipompo linadzaza thoo. A Tsekereza anaima njo, mimba patsogolo.

"Anthu a Mthunzi wathu!" anafuula, pakuti umu ndi mmene ankaitchulira mfumu. "Kale fayilo inkadyedwa ndi chiswe. Inkanyowa ndi mvula. Inkapita kukagona kunyumba za makalaliki n'kuiwala kubwerera. Zimenezo zatha! Kuyambira lero, fayilo ikalowa mu Nkhokwe, siidzatulukanso!"

Anthu anaomba m'manja. A Gelesomu anangoweramitsa mutu. Pa mawu onse amene ndunayi inanenapo chibadwire, awa okha ndiwo anadzapezeka oona.

Kenaka mfumu inayankhula, ndipo aliyense anamanga nsagwada zolimba. Inalengeza kuti pepala lathetsedwa m'dziko lonse, moti kuyambira tsiku limenelo chilichonse cholembedwa papepala si kanthu pamaso pa boma. Inalengezanso kuti pofuna kuonetsa chifundo chake, fayilo yoyamba kulowa mu Nkhokwe ikhala kalata yokhululukira Lufeyo woyasamula uja. Inasaina kalatayo anthu akuona, n'kudindapo chidindo chachikulu chofiira. A Gelesomu anaijambula n'kuilowetsa mu kompyuta, ndipo pepala lenilenilo linaponyedwa m'thumba limodzi ndi mapepala ena otayidwa.

Apo ndi pamene a Gelesomu anagwada.

"Mthunzi wathu, kuti Nkhokwe izikudziwani, pafunika mulembe dzina lanu apa, ndi mawu achinsinsi apa, amene timati pasiwedi."



"Iwe!" anadzuma a Tsekereza. "Ukufuna makina azifunsa Mthunzi wathu kuti ndi ndani?"

"Amafunsa aliyense, bwana."

"Ndiye mfumu ndi aliyense?"

A Gelesomu anakumbukira kuti ali ndi ana asanu, onse okonda kudya, ndipo anayankha kuti ayi.

"Chabwino. Tsono kalatayi yakhudzidwa ndi dzanja la mfumu. Lemba kuti woitsekula ndi mfumu yokha."

"Koma bwana, mfumu ilibe pasi…"

"Dina!"

Anadina. Kalata ija inalowa m'chipinda chokhala ndi loko amene kiyi wake sanasulidwe n'komwe, ndipo oimba malipenga anayamba nyimbo ya fuko.

Kumsika nkhani ya kuthetsedwa kwa pepala inalandiridwa bwino kwambiri. Maofesi anataya mafayilo awo m'matumba kuseri kwa nyumba, ndipo dzuwa lisanalowe matumba onse anali atafika pa Tamvakale. Abiti Saizi, mayi wa bonya woyandikana benchi ndi Nasimango, anati, "Musamalinyoze boma ili, anthuni. Mankhwala m'chipatala mulibe, inde, koma zokulungira bonya latipatsa za zaka khumi." Nasimango sanamve n'komwe. Iye ankangovina mozungulira chiwaya, chifukwa kunali kutatsala sabata yathunthu kuti Loweruka lija lifike.

Lolemba m'mawa ananyamula jekete ya a Lufeyo, yochapa ndi yosita, ulendo ku Khalanikaye. Woyang'anira ndende, a Kaloko, anamulandira mwaulemu.

"Ndabwera kudzatenga achimwene anga, bwana. Munamva nokha pabwalo paja."

"Ndinamva, mayi, ndi makutu angawa. Koma makutu si fayilo. Bwerani muone."

Anamuonetsa pagalasi la kompyuta. Kalata inalipo ndithu, dzina lake likuoneka bwinobwino: Chikhululukiro cha Woyasamula. Pambali pake panali kachithunzi ka loko. A Kaloko anadina, ndipo kompyuta inalemba kuti, "Mulibe chilolezo."

"Mwaona? Ndiwo ndikuziona, fungo ndikulimva, koma mphika ndi wa eni ake. Kalata ndisanaiwerenge sindingatulutse munthu. Bwanji ngati mkatimo mfumu inalemba kuti atuluke chaka chamawa? Pitani kwa a Nduna."

Potuluka, Nasimango anamva mawu pa kazenera ka zitsulo.

"Chemwali! Jeketeyo mwabweretsa?"

"Ndabweretsa, achimwene, koma ndibwerera nayo. Akuti mwakhululukidwa, kungoti chikhululukirocho chatsekeredwa."

"Nachonso chili m'ndende? Chinayasamula?"

"Musandiseketse, mtima ukundiwawa ine!"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachiwiri Nasimango anasiyira Elube chiwaya n'kupita ku Unduna wa Zosunga ndi Zobisa. Kumeneko anapeza kuti makalaliki sanakhale manja lende. Ataona kuti kalata ya mfumu siikutsekuka, aliyense analemba yake mmene anaimvera pabwalo, n'kuiponya mu Nkhokwe kuti athandize boma. Tsono popeza m'dzikomo wamng'ono sakonza zolemba za wamkulu, ndipo wamkulu sawerenga zolemba za wamng'ono, palibe anafufuta ya mnzake. Makalatawo analipo khumi ndi anayi. Inalipo yotchedwa Chikhululukiro Chomaliza, ina Chomaliza Chenicheni, ina Chomaliza Chenicheni Musakhudze, ina Chomaliza cha a Nduna Gwiritsani Ichi.

Kalaliki wina wokoma mtima anamutsekulira imodziimodzi. Abale inu! Chifundo cha mfumu chinali chitaswana. M'kalata ina munali mayina asanu ndi awiri, mwina makumi awiri, muli alamu a makalaliki, apongozi awo, wakuba mbuzi wina wotchuka, ndi bambo wina amene anamwalira kale chaka cha dzombe. Dzina limene linasowa m'makalata onse khumi ndi anayi linali la a Lufeyo, pakuti iwo analibe mbale ku undunako.

A Tsekereza anamulola kulowa dzuwa litapendeka.

"Mayi, kodi vuto lanu n'chiyani? Kalata yasowa?"

"Siinasowe, bwana. Ilipo."

"Yadyedwa ndi chiswe?"

"Ayi."

"Yanyowa?"

"Ayi, bwana, koma siikutsekuka."

"Ndiye mwabwera kudzayamikira! Ife ntchito yathu ndi kusunga, ndipo tasunga. Za kutsekula si za unduna uno. Bwerani mawa."

Mawa lakelo Nasimango sanabwerere kwa ndunayo. Anafunsa komwe kumakhala Nkhokwe yeniyeniyo, ndipo anamulozera kachipinda kozizira kuseri kwa nyumba ya mfumu. Mmenemo munali bokosi lalitali ngati kabati, likung'ung'udza, timagetsi tili phethiphethi. Pambali pake panali a Gelesomu, atagwira tsaya.

"Bambo, akuti makinawa munamanga ndinu. Simungatsekule?"

"Kutsekula nditha, mayi, ndi chala chimodzi ichi. Koma kutsekula chimene chinalembedwa kuti mfumu yokha, ndiko kuba m'nkhokwe ya mfumu. Mawa lake ndikagona pamphasa imodzi ndi achimwene anu, ndipo mudzakhala ndi anthu awiri owapititsira chakudya."

"Nanga mfumu singalembe kalata ina?"

"Mayi, mwaiwala dzina la mfumu yathu?"

Nasimango anakhala pansi. Anawauza za Elube, za tambala woyendayenda uja, za Loweruka. A Gelesomu anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene palibe wa boma anali atachitapo sabata imeneyo.

"Ine ndinamanga Nkhokweyi kuti anthu azigawana zinthu," anatero motsitsa mawu. "Koma aliyense atangopatsidwa chipinda chake, choyamba kufunsa chinali choti, 'Ndingatseke bwanji kuti anzanga asaone?' Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa kagawidwe kake."

"Nanga pepala lenileni lija, la chidindo chofiira, linapita kuti?"

"M'thumba, limodzi ndi anzake." Anakweza mutu. "Ndipo matumba onse aja, mayi, ali kwanu kumsika."

Tsono apa ndiyenera kukuuzani za msika wa Tamvakale, chifukwa a boma sakonda kuti zimveke. Matumba aja atafika, amsika sanangowakhuthula chisawawa. Mapepala opyapyala a ku ofesi ya malo anapita kwa ogulitsa mtedza. A kukhoti, ataliatali aja, anapita kwa a bonya. A kuchipatala anapita kwa a fodya, amene anati iwo saopa matenda. Okhuthala a kunyumba ya mfumu anapita kwa a kanyenya, chifukwa sabooka ndi mafuta. Ndipo popeza makasitomala sabwera nthawi zonse, wogulitsa aliyense ankayamba wawerenga pepala asanakulungire. Pofika Lachinayi, mayi wa tomato ankadziwa malire a minda ya dziko lonse kuposa Nduna ya Malo.

Nasimango anangonong'oneza Abiti Saizi. Abiti Saizi, amene kunong'ona sanakuphunzire, anaika manja kukamwa.

"Pepala lokhuthala! Chidindo chofiira! Dzina Lufeyo! Ali nalo ndani?"

Mawu anadumpha benchi ndi benchi, kuchoka ku bonya kupita ku kaunjika, ku kaunjika kupita ku makala, ku makala kupita ku nyama. Palibe anafunsidwa pasiwedi. Mafuta a m'chiwaya cha Nasimango asanatenthe n'komwe, yankho linabwerera njira yomweyo: lili kwa a Jumbe a kanyenya.

A Jumbe anali atalipinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo lawo.

"Ndinaliwerenga ndithu," anatero akulisolola. "Chifundo cha mfumu n'cholimba, mayi. Chiikireni pamenepa tebulo langa lasiya kugwedera. Tengani, koma mundipezere lamulo lina lokhuthala chimodzimodzi."

Nasimango anathamanga, chitenje chili m'manja, mpaka ku Khalanikaye. Anayala pepala lija patebulo la a Kaloko n'kulisalaza ndi chikhatho. A Kaloko anavala magalasi, anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, anafika ponunkhiza chidindo.

"Ndi yeniyeni," anatero. "Akuti atuluke lero lomwe."

"Ndiye tsekulanitu!"

"Mayi, ili ndi pepala. Pepala linathetsedwa. Ndikalimvera, ndiye kuti ndanyoza lamulo la mfumu pogwiritsa ntchito kalata ya mfumu yomweyo. Mlandu wotero ulibe ndi dzina lomwe."

Apa ndiye Nasimango analira, kulira kwenikweni, atakhala pa masitepe a ndende anthu akudutsa. A Lufeyo anasuzumira pa kazenera kaja, ndipo ulendo uno nthabwala analibe.

"Chemwali, musalire choncho. Pezani munthu wina aimirire m'malo mwanga. Mwana asataye banja chifukwa cha kukamwa kwanga."

"Wina wake uti? Tinabadwa awiri, achimwene. Elube munamulera ndinu bambo ake atamwalira. Ndikabwereke mwinimbumba ngati sefa? A ku Tatopa adzati mwanayu alibe kwawo."

Anapinda pepala lija n'kulisunga pachifuwa. Kunali kutatsala tsiku limodzi.

Tsono panali chinsinsi china chimene msika wonse unkachidziwa. Madokotala anali ataletsa mfumu kudya zamafuta. Komabe m'mawa uliwonse mthenga wa kunyumba ya mfumu, bambo wa ndevu zake, ankafika pa benchi ya Nasimango n'kugula mandasi asanu ndi limodzi, otentha, ofiirira bwino. Ankati ndi a agalu a kunyumba yachifumu. Palibe ankatsutsa, ngakhale kuti agaluwo ankaoneka nthiti pamene mfumu inkasintha malamba.

Lachisanu m'mawa mthenga uja anafika monga mwa masiku onse. Nasimango anasankha mandasi onona kuposa onse, anatulutsa pepala lija pachifuwa, n'kukulungira mosamala, zolemba zili mkati.

"Bambo, kodi agalu anu aja amadziwa kuwerenga?"

Mthenga anayang'ana chidindo chofiira, anayang'ana Nasimango, n'kukanda ndevu.

"Wamkuluyo amadziwa," anatero. "Makamaka zolemba yekha."

Sananame. Padziko lapansi panalibe chimene Mfumu Sanenakawiri inkakonda kuposa mawu ake omwe. Itatha ndasi lachitatu, maso anagwera papepala. Inawerenga kamodzi, n'kuwerenganso, mpaka misozi inalengeza. Chifundo chotere! Kalembedwe kotere! Kenaka nkhope inasintha. Sabata yathunthu yatha, bwanji munthu wokhululukidwa mokoma chonchi sanabwere kudzagwada n'kuthokoza? Ng'oma inalira, nduna zonse zinaitanidwa, pamodzi ndi a Kaloko, a Gelesomu, woweruza, ndi mayi wa mandasi. Za mmene pepalalo linafikira m'manja mwa mfumu, palibe anafunsa, ndipo za agalu sizinatchulidwe.

"Lufeyo ali kuti?" inabangula mfumu.

"Ali m'ndende, Mthunzi wathu," anayankha a Kaloko. "Kalata yanu siikutsekuka."

"Tsekereza!"

"Kalata ili bwinobwino, Mthunzi wathu. Chiilowetsereni palibe ndi mmodzi yemwe waiona. Kusunga koposa apa kulibe."

Nasimango anakwawa ndi mawondo kufika kutsogolo, akuomba m'manja mwaulemu.

"Mthunzi wathu, ine ndine mlongo wake. Mawa kuli chinkhoswe cha mwana wanga. Mungonena pano ndi pakamwa panu kuti atuluke, basi."

Nduna zonse zinagwira pakamwa. Wina kumbuyo anati, "Mayo!"

"Ndinanena kale," inatero mfumu, ndipo inaoneka kuti nayonso yagwira njakata. Kunenanso sikukanatheka. Kumvera pepala sikukanatheka, poti pepala inalithetsa yokha. Inayang'ana uku ndi uku, kenaka inadzuka. "Nkhokweyo ndi yanga. Nditsekula ndekha."

Bwalo lonse linakhamukira ku kachipinda kozizira kaja. Amene analephera kulowa anasuzumira pazenera. Mfumu inakhala pampando wa a Gelesomu, inapukuta chala chamafuta pa mkanjo, n'kudina pa kalata yake. Pagalasi panatuluka mawu.

"Gelesomu, werenga."

A Gelesomu anayang'ana pagalasi. "Akuti… 'Ndinu ndani? Lembani dzina ndi pasiwedi.'"

Kunja mayi wina anakomoka. A Tsekereza anayamba kufunafuna khomo ndi maso.

"Mwina siinandione bwino," inatero mfumu. Inakonza chisoti, inasendeza nkhope pafupi ndi galasi, n'kudinanso.

"Akuti, 'Ndinu ndani?'"

Kachitatu mfumu inadina ndi chibakera.

"Akuti, 'Ndinu ndani? Simukudziwika. Ngati mwaiwala, funsani mwini Nkhokwe.'"

Walira mvula walira matope. Mfumu inatembenuka, maso ali psuu, n'kuloza woweruza. Woweruzayo, yemwe uja anagamula mlandu wa a Lufeyo, sanachedwe. Anati kufunsa mfumu kamodzi ndi umbuli, kawiri ndi mwano, koma katatu ndi ndale. Nkhokwe inafunsa katatu, anthu akumva. Chilango chake chinali ndende, mpaka tsiku limene idzaphunzire ulemu.

Asilikali anazula zingwe, timagetsi tija tinazima, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anasenza bokosi lija. Koma a Kaloko anagwadanso, thukuta lili kamukamu.

"Mthunzi wathu, pepani, ku Khalanikaye kwadzaza. Chaka chino munayankhula kambiri, ndiye otsokomola, oyetsemula ndi owodzera achuluka. Ngakhale udzudzu ukumadikira panja kuti wina atuluke. Chigawenga chachikulu chonchi ndikachiika pati?"

 Nduna zinayang'ana pansi. Apo panamveka mawu a Nasimango, ofatsa ngati akuuza kasitomala kuti mandasi atsala awiri.

"Mthunzi wathu, ine ndende ija ndaizolowera sabata ino. Pali malo amodzi abwino, pakona, pafupi ndi kazenera. Ndi pouma, sipadontha, makina sangachite dzimbiri n'kuthawa chilango. Kungoti pali mphasa, ndipo pamphasapo pali kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Kanthu kachabechabe, Mthunzi wathu. Kamangoyasamula."

Mfumu inamuyang'ana mayiyu nthawi yaitali. Ena amati siinamve chimene ankatanthauza. A pamsika amati inamva bwino lomwe, ndipo inakumbukiranso kuti mawa lake agalu adzafuna mandasi. Ine sindinalipo.

"Kaloko," inatero, "chilichonse chimene chili pakonapo, kachitaye kunja. Uikepo chigawengachi."

Amenewa anali mawu atsopano, osabwereza, ndipo sanalembedwe papepala. A Kaloko anathamanga okha patsogolo, makiyi akulira m'chiuno. Umu ndi mmene a Lufeyo anatulukira m'ndende: osati ngati munthu wokhululukidwa, koma ngati katundu wotchinga malo. Iwo sanadandaule. Anavala jekete yawo pa masitepe pomwepo, anapatsa moni bokosi lija pamene linkalowa, n'kulilangiza kuti nsikidzi za pakonapo zimakonda kuyambira kumiyendo.

Madzulo a tsiku lomwelo a Tsekereza analengeza pa wayilesi kuti Bwerammawa tsopano ndi dziko loyamba kusunga mafayilo ake m'ndende, pansi pa alonda anayi a mfuti, ndipo mayiko ena abwere adzaphunzire. A Gelesomu anapita kwawo akuimba mluzu. Kuyambira sabata yotsatira, makalaliki a boma anayamba kuoneka pa Tamvakale, mataye ali pakhosi, akufunsa mwaulemu ngati a mtedza angawabwereke malire a munda wakutiwakuti. Amsika amawathandiza ndithu, ndipo sanauzepo munthu kuti abwere mawa.

Loweruka a ku Tatopa anafika, tambala ali m'khwapa, nkhope zili zokonzeka kubwerera. Anapeza a Lufeyo atakhala tsonga pampando, owonda pang'ono koma amphumphu, thadzi ali pamiyendo. Elube atatulutsidwa n'kuvundukulidwa chitenje, anayang'ana amalume ake, misozi n'kuyamba kutsika. A Lufeyo analandira tambala uja, anapereka thadzi, n'kunena mawu ochepa.

"Mwanayu ali ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi kuno. Tikumupereka anthu akuona. Sitilemba paliponse. Amene adzaiwale, adzafunse kumsika."

Nthungululu inamveka mpaka kutsidya la Funsaniena. Nasimango anavina akulira, osadziwa chimene chikutsogola pakati pa miyendo ndi misozi.

Kenaka mkulu wa kuchimuna anaimirira kuti athokoze. Anayambira pa ulendo woyamba, mmene ananyamukira, chimene tambala anadya m'njira, ndi amene anakumana nawo pa mlatho. Ola linatha asanafike pa ulendo wachiwiri. Nasimango, amene ankazungulira ndi lichero la mandasi, anaponya maso kwa mlongo wake, ndipo mtima unamudumpha. Maso a a Lufeyo anali atayamba kulengeza, mphuno zikutukuka, nsagwada ikutsika pang'onopang'ono. Ndipo pamzere wakutsogolo, pakati pa alendo olemekezeka, panali patakhala a Kaloko ndi woweruza.

Mayiyo anadumpha miyendo ya anthu atatu. Kukamwa kutangoti yasa, anatseka ndi ndasi lalikulu kuposa onse.

"Tafunani, achimwene," anawanong'oneza, dzanja lili paphewa pawo. "Tafunani ndithu. Pepala lina ine ndilibe."